Lizulu

Lizulu ndi malo a malonda omwe ali m'boma la Ntcheu, m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi, pamsewu wa M1 pakati pa tauni ya Dedza ndi tauni ya Ntcheu. Pamenepa msewuwo ndiwo malire: kum'mawa ndi Malawi, kumadzulo ndi dera la Angonia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mlendo akatsika basi safunanso galimoto, popeza msika, magolosale ndi mabala zangondandalikana m'mphepete mwa tala.

Chomwe chinatchukitsa Lizulu ndi msika. Derali ndi lokwera komanso lozizira, motero kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi kaloti zimachita bwino. Ogula ambiri ndi apaulendo komanso opikula omwe amakagulitsanso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Tomato ndi masamba sizichedwa kuwonongeka, choncho dzuwa likapendeka mitengo imagwa. Wogula amasangalala, koma mlimi nthawi zina amabwerera kumudzi osapeza ndi ya feteleza yomwe.

Madzulo ena amawolokera tsidya la Mozambique kukamwa mowa wa kumeneko monga 2M ndi Manica. Kuwoloka usiku n'kofuna kusamala chifukwa magalimoto akuluakulu amadutsa pomwepo.

Lizulu ndi likulunso la Inkosi ya Makhosi Gomani, mfumu ya Angoni a kwa Maseko. Mu 1953 Philip Gomani II anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma la atsamunda linamuchotsa paufumu. Anamwalira mu 1954.