Malire a Mapu pa Webusaiti

Mapu amene amaoneka pa webusaiti, monga osonyeza malo ogona alendo pa boma la Ntcheu kapena njira ya ku msika wa Lizulu, nthawi zambiri sakhala a mwini webusaitiyo. Amabwerekedwa kwa eni ake, makamaka Google Maps ndi OpenStreetMap, ndipo eniwo amaika malire pa kuchuluka kwa mafunso amene webusaiti ingawatumizire.

Vuto limakula pa seva yogawana, pomwe mawebusaiti ambirimbiri amakhala pa kompyuta imodzi yokhala ndi adiresi imodzi ya IP, ngati mabanja otunga pa mjigo umodzi. Malire akamawerengedwa pa adiresiyo, mnansi mmodzi wofunsa mosalekeza amatsekeretsa onse. Nominatim, yomwe imafufuza maina a malo pa OpenStreetMap, imalola funso limodzi lokha pa sekondi.

Google inayamba kufuna kiyi ya API, yomwe ndi chizindikiro cha wofunsa aliyense payekha, pa mawebusaiti atsopano mu 2016, ndipo mu 2018 inawonjeza kuti mwini kiyi alembetse njira yolipirira. Kiyiyo inachepetsa vuto la anansi, koma kulipira madola pa khadi m'Malawi muno, momwe ndalama zakunja zimasowera, si nkhani yamasewera. Osamala amasunga manambala osonyeza pomwe malo awo ali pa mapu kamodzi, osafunsanso tsiku lililonse.