Galimoto ya Zinyalala Ikadzaza Imapita Kuti?

Tsiku lina m'kalasi ya Fomu 3 tikukambirana za kakulidwe ka mizinda, mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi galimoto ya zinyalala ikadzaza imapita kuti?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa funso limeneli lasowetsa tulo mizinda ikuluikulu. Ndinamuyankha ndi mbiri ya mzinda wa New York ku America, ndipo lero ndati nanu anzanga muimveko.

M'chaka cha 1948 akuluakulu a mzindawu anatsegula dzala lotchedwa Fresh Kills pa chilumba cha Staten Island. Anthu akumeneko anauzidwa kuti dzalalo ndi la zaka zochepa chabe, koma linagwira ntchito zaka 53 mpaka kukula kufika maekala 2,200. Zinyalala zambiri zinkafikako pamadzi. Malole ankakhuthula pa timadoko ta m'mbali mwa mitsinje, kenako mabwato akuluakulu n'kuzinyamula.

Anthu a ku Staten Island atatopa ndi fungo, mu 1996 meya Rudolph Giuliani ndi bwanamkubwa George Pataki anagwirizana zotseka dzalalo. Bwato lomaliza la zinyalala za m'makomo linafikako mu March 2001. Koma kutseka dzala si kuthetsa zinyalala. Tsopano zinayenera kupita kutali, ku Pennsylvania ndi ku Virginia.

Apa ndiye pagona nkhani. Lole yoyenda m'makwalala singapite ulendo wautali chotero. Pamafunika malo apakati pomwe malole ang'onoang'ono amatula katundu wawo, n'kumulongedza m'malole aakulu, m'sitima kapena m'mabwato. Malo otulira oterewa anali atayamba kale kuchuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene mzinda unakweza mtengo wotayira ku Fresh Kills ndipo makampani onyamula zinyalala anayamba kufuna njira zina. Panalibe amene anakhala pansi kuti agawe malowa mwachilungamo. Makampani anangopita kumene malo anali otchipa komanso ololedwa kumangapo mafakitale: ku South Bronx, kumpoto kwa Brooklyn ndi kummwera chakummawa kwa Queens. Ambiri okhala kumeneko anali anthu akuda ndi ochokera ku Latin America, opeza movutikira. Malole ankadutsa usana ndi usiku pafupi ndi nyumba ndi masukulu, utsi wa dizilo uli tolo, m'madera omwe ana ambiri ankadwala kale mphumu.

Anthuwo sanakhale chete. Anapanga magulu, anayenda m'misewu, anakadandaula kukhonsolo. Mu 2006 khonsolo inavomereza dongosolo la zaka 20 la meya Michael Bloomberg. Mfundo yake inali yosavuta kumva: chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu za mzinda chisenze zinyalala zake, ndipo zizituluka pamadzi kapena panjanji m'malo mwa malole.

Zinamveka bwino mpaka dzina la East 91st Street litatuluka. Malowa ali ku Upper East Side ku Manhattan, dera lina la anthu olemera kwambiri, pafupi ndi bwalo lamasewera la Asphalt Green. Eni dera anathamangira kukhoti mobwerezabwereza, akuti ana awo apuma utsi. Mantha awo sanali abodza ayi. Koma ana a ku South Bronx anali atapuma utsi womwewo kwa zaka zambiri. Malo a East 91st Street anatsegulidwa mu 2019, patatha zaka 13. Chaka cha 2018 khonsolo inakhazikitsanso lamulo lochepetsa zinyalala zololedwa kutulidwa m'madera atatu aja: ndi theka kumpoto kwa Brooklyn, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ku South Bronx ndi ku Queens.

Phunziro limene ine ndatolapo ndi ili: zinyalala zili ngati madzi amvula, ukapanda kuwakumbira ngalande amatsata kotsika, ndipo mumzinda kotsika ndi kumene kumakhala anthu opanda mawu. Mtsikana uja atamva zonsezi anakwezanso mkono. "Nanga amene amasankha malowo amakhala kuti?" Belu linalira ndisanayankhe. Ndinawauza alembe funsolo m'makope awo, adzawafunse akhansala a kwawo.