A Chetan Bhagat: Mlembi wa ku India Amene Anasiya Nchito ya ku Banki

A Chetan Bhagat, mlembi wa mabuku ndi nkhani za m'nyuzipepala, anabadwira mu mzinda wa New Delhi m'dziko la India pa 22 April 1974. Anaphunzira za makina pa sukulu ya IIT Delhi ndi za malonda pa IIM Ahmedabad, kenaka anagwira nchito m'mabanki, makamaka ku Hong Kong.

Buku lao loyamba, Five Point Someone, linatuluka mu 2004 ali ndi zaka 30. Limasimba za anyamata atatu olemedwa ndi mayeso pa sukulu yapamwamba. Kanema wochuka wa 3 Idiots wa mu 2009 anacokera m'bukuli, ngakhale iwo anadandaula kuti dzina lao silinapatsidwe ulemu woyenera.

Atatulutsa One Night @ the Call Center mu 2005 ndi The 3 Mistakes of My Life mu 2008, anasiya nchito ya ku banki mu 2009. Analembanso maganizo ao m'nyuzipepala ya Cingelezi ya The Times of India ndi ya Cihindi ya Dainik Bhaskar, pa nkhani za ziphuphu, maphunziro ndi kusowa kwa nchito. Zina mwa izo zinasonkhanitsidwa m'buku la What Young India Wants mu 2012.

Akatswiri ena amati kalembedwe kao n'kosazama. Komabe Cingelezi cosavuta ndi mtengo wotsika wa mabuku ao zinakopa acinyamata ambiri amene kale sanali kuwerenga nthano.