Umuna wa m'chisanu: mbiri ya kusunga mbewu ya abambo

Alimi a ng'ombe zamkaka ku Linthipe ndi ku Bembeke amalidziwa botolo lachitsulo limene mlangizi wa ziweto amabwera nalo ng'ombe ikafuna nkhunzi. Akalitsegula limafuka nthunzi yoyera. M'katimo muli timapaipi ta umuna wa nkhunzi tomizidwa mu nayitrojeni wamadzi wozizira kufika -196°C. Luso lomweli ndi limene zipatala zothandiza osabereka zimasungira umuna wa munthu, kungoti kwathu kuno lidayamba kufika m'khola. Kale, banja likasowa mphatso ya mwana, chala chinkaloza mayi, ndipo zikadziwika kuti vuto ndi la bambo, akuluakulu ankalowetsa fisi mwakachetechete.

Mu 1776 Lazzaro Spallanzani wa ku Italy adaona umuna ukuleka kuyenda pa chipale chofewa, n'kuyambanso utafunda. Koma kuumitsa kwenikweni kunkaupha, chifukwa madzi a m'kati mwa selo amasanduka timinga ta ayezi. Yankho lidabwera mwangozi mu 1949 ku London, pamene Christopher Polge, Audrey Smith ndi Alan Parkes adasokoneza mabotolo, n'kupeza kuti mankhwala otchedwa glycerol amateteza umuna wa tambala. Mu 1953 Jerome Sherman ndi Raymond Bunge a ku Iowa adalengeza kuti amayi atenga pakati ndi umuna umene udaumitsidwa.

Komabe ukasungunuka, pafupifupi theka umakhala utafooka. Chifukwa china adachiona kale John MacLeod mu 1943: okosijeni wochuluka amafooketsa umuna wa munthu, ndipo chinthu chotchedwa catalase chimauteteza. Anthu sadachilabadire kwenikweni mpaka 1987, pamene John Aitken ndi Jane Clarkson adaonetsa kuti umunawo umapanga wokha tizidutswa ta okosijeni towononga. Khungu lake lili ndi mafuta ofewa ambiri, ndipo amavunda monga mafuta ophikira osiyidwa padzuwa. Choipa china n'chakuti kaselo kameneka ndi kowonda, kalibe malo osungira zodzitetezera. Kamadalira madzi amene kamatuluka nawo m'thupi, omwenso ku labotale amawasakaniza ndi madzi ena kapena kuwachotsa.

Ndiye ofufuza adayamba kuthira mankhwala olimbana ndi tizidutswa towononga tija (ma antioxidant) m'madzi osungiramo umuna: vitamini E, vitamini C, glutathione, kenako melatonin. Pa maikulosikopu umuna wambiri umaoneka ukuyenda bwino. Ine sindifulumira kuwomba m'manja, poti kuyenda kwa umuna si kulira kwa khanda, ndipo umboni woti ana obadwa amachuluka ndi wochepabe. Mankhwalawa akapyola muyeso amawononganso, chifukwa umuna umafuna tizidutswa tija pang'ono kuti uthe kuboola dzira.

Chiyambire 1992, pamene madokotala a ku Brussels adalengeza za luso lobayira umuna umodzi m'dzira, funso lidasintha. Umuna wofooka amatha kuunyamula ndi singano, choncho chimene akudera nkhawa tsopano ndi DNA ya m'mutu mwake, ngati yatuluka m'chisanu yosaduka.