Asikari a Keyala ndi Mudzi wa Mbombwe

Mphunzitsi amene adzatumidwa ku sukulu za m'boma la Chiradzulu sadzatha chaka asanafunsidwe ndi ana za John Chilembwe. Adzachita bwino akayamba wadziwa mbiri ya gulu la nkhondo limene linadza kudzapasula mudzi wake wa Mbombwe, pakuti mbiri ziwirizi sizilekanitsika. Gululo ndilo King's African Rifles, limene makolo athu, potchula zilembo zake zitatu, analitcha Keyala.

Muzu wake uli m'nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu ogulitsa akapolo, pamene anthu akuda anayamba kugwira mfuti pamodzi ndi asikari ochokera ku India. M'chaka cha 1902 magulu a kuno anaphatikizidwa ndi a ku Kenya, Uganda ndi Somaliland pansi pa dzina limodzi, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za dziko lino. Ambiri mwa olembedwa poyamba anali Atonga ndi Ayao.

Anthu amenewa sanakhalitse kwao. Mu 1900 anali atamenya kale nkhondo ku Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana. Kenaka anawatumiza ku Somaliland kukalimbana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan, ndipo pa Gumburu, mu April 1903, gulu la bataliyoni yachiwiri linazingidwa, zipolopolo zinatha, ndipo ochuluka anafera pomwepo pamodzi ndi mtsogoleri wao Plunkett. Kumidzi kunalibe mtembo woika m'manda. Kunangofika uthenga wa maliro a munthu wofera m'chipululu chimene amake sanamvepo ndi dzina lomwe.

Chilembwe, amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe mu 1900, anaziona zonsezi. Tsono nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani itabuka, imene akuluakulu anaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti yolira mosalekeza, ndipo mwazi utakhetsedwa pa Karonga pa 9 September 1914, iye analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti munthu wakuda sayesedwa kanthu pa nthawi ya mtendere, koma nkhondo ikadza aitanidwa kukafera mlandu wosaudziwa, nasiya akazi amasiye ndi ana okhalira umphawi. Tizindikire bwino apa: iye sanatukwane asikari, anali kuwalirira. Boma silinafune kuti kalatayo iwerengedwe.

Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira ku Magomero napha William Jervis Livingstone. Popeza asikari ozolowera nkhondo anali kutali ku Karonga, boma linasonkhanitsa Azungu odzipereka ndi a Keyala amene anali pafupi. Pa 25 January anayesa kulowa m'Mbombwe koma anabwezedwa. M'mawa mwake analowa popanda wowaletsa, ndipo pambuyo pake tchalitchi chachikulu cha njerwa chinagumulidwa ndi wonga. Chilembwe anaphedwa pa 3 February alikuthawira cha ku malire a dziko la Apwitikizi. Kodi tiwaweruze asikari aja? Ine sindifulumira kutero, pakuti msonkho ndi thangata zimene zinautsa mtima wa Chilembwe ndizonso zinapirikitsira anyamata ambiri ku Zomba kukabvala yunifomu.

Nkhondo ya Chiwaya inatha pamene von Lettow-Vorbeck anatula zida ku Abercorn, lero Mbala, mu November 1918. Inameza asikari, koma makamaka amtengatenga, osenza katundu amene njala ndi nthenda zinawatha m'njira.

Pa nkhondo yachiwiri Keyala inamenyana ndi Ataliyana pa Moyale ndi pa Tug Argan mu 1940, inalowa m'Abyssinia, inaoloka nyanja kunka ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 inatsika chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, kupirikitsa Ajapani kufikira mtsinje wa Chindwin. M'zaka za 1952 ndi 1953 inali m'nkhalango za Malaya. Mu 1959 boma linaitumanso pakati pa abale ake eni, pa nthawi yogwira atsogoleri a Congress.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Malo ake ku Zomba anasungabe dzina la Cobbe, Mngerezi amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha zimene anachita pa Erego mu 1902, m'nkhondo yomwe ija ya ku Somaliland.