Mchape: Kodi Mphamvu za Ufiti Zingagwire Ntchito Yabwino?

Pa misonkhano ya makatekisti ndi atsogoleri a miphakati kuno ku Mchinji pali funso limodzi limene silisowa. Mudzi ukavutika ndi maliro otsatizana, kapena ng'ombe zikamabedwa n'kuolotsedwa malire, anthu amasonkha ndalama zoitanira sing'anga kuti adzatsirike mudzi ndi kufukula nyanga. Akhristu ena amasonkha nawo, ndipo akafunsidwa amayankha kuti iwo sakufuna kulodza munthu, akungofuna mtendere m'mudzi. Tsono katekisti amafunsa kuti: ngati mphamvu zobisika zikugwiritsidwa ntchito pofuna ubwino wa anthu onse, cholakwa chili pati? Makolo athu adayesa njira imeneyi kangapo konse, ndipo dzina lake lodziwika ndi mchape. M'nkhani ino tifotokoza mbiri yake, zipatso zake, ndiponso zimene Mpingo umaphunzitsa.

Tanthauzo la mawu

Pachichewa mfiti ndi munthu amene amamuganizira kuti amapweteka anzake mobisa. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amadzitcha mfiti poyera, ndipo mu 2017 ena a ku America ankachita miyambo yoti amange manja mtsogoleri wa dziko lawo, ponena kuti akumenyera chilungamo. Kuno kwathu palibe amene amanyadira dzina limeneli. Munthu wofuna kuthandiza anzake ndi mphamvu zobisika amanena za kutsirika, kukhwima, kuombeza ula kapena kufukula nyanga. Mawu akuti mchape adachokera ku mneni woti kuchapa, chifukwa cholinga chake chinali kuchapa dziko lonse kuti ufiti utheretu.

Tisasokoneze zimenezi ndi ntchito ya munthu wodziwa zitsamba, amene amapereka muzu kapena khungwa kwa wodwala popanda kuloza munthu chala ndiponso popanda kuitana mizimu.

Mchape wa zaka za m'ma 1930

Kale mlandu wa ufiti unkaweruzidwa ndi mwabvi, chakumwa chaululu chochokera ku khungwa la mtengo. Wosanza ankati ndi wosalakwa, wakufa ankati ndiye mfiti. Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi ndi lamulo la 1911, koma mantha a anthu adatsala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pamene mitengo ya mbewu idagwa ndipo ntchito za kumigodi zidasowa, kudabuka magulu a anyamata oyenda m'midzi ndi mankhwala otchedwa mchape. Iwo ankati mphamvu zawo zidachokera kwa munthu wina wa ku Mulanje, dzina lake Kamwendo, amene ankamunenera kuti adafa n'kuuka. Dzinali tisalisokoneze ndi malo a malonda a Kamwendo kuno ku Mchinji. Pofika 1934 maguluwa anali atalowa mu Northern Rhodesia, Tanganyika ndi Mozambique, ndipo adafikanso kwa Achewa a ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, tsidya lina la malire athu.

Akafika m'mudzi ankapempha nyakwawa kuti isonkhanitse anthu onse. Anthuwo ankadutsa pamzere kumbuyo kwa wamchape, iye akuwayang'ana pa kalilole. Amene wamuona ngati mfiti ankalamulidwa kutulutsa nyanga zake, ndipo nyangazo ankaziunjika pamphambano. Pomaliza mudzi wonse unkamwa mankhwala ofiira, ndi chenjezo lakuti wobwerera ku ufiti adzafa. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Audrey Richards, adaona zimenezi pakati pa Abemba mu 1934. Atapenda mulu wa nyanga zoperekedwa adapeza kuti zambiri zinali zithumwa wamba zodzitetezera. Amchape omwewo ankagulitsanso zithumwa zawozawo zatsopano.

Lonjezo linali lakuti ufiti watha. Koma maliro adapitirira, ndipo mu 1947 kudabukanso gulu lina la Bwanali ndi Mpulumutsi, limene lidakoka Achewa ambiri a mbali ya Fort Jameson. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa amenewa nthawi imeneyo, adapeza kuti kawirikawiri woganiziridwa ufiti anali mbale wa mbumba imodzi ndi womuganizirayo, ndipo kumbuyo kwa mlanduwo kunkakhala mkangano wa ng'ombe, wa chuma chamasiye kapena wa ufumu.

Ena amene adayesa njira yomweyi

Mchape usanabwere kudali Tomo Nyirenda, mlaliki wochokera ku mpoto kwa dziko lino, amene adadzitcha Mwana Lesa, ndiye kuti Mwana wa Mulungu. Mu 1925 iye ankabatiza Alala a ku Northern Rhodesia powamiza m'madzi, n'kumanena kuti ubatizowo ukuulula mfiti. Posakhalitsa adayamba kupha amene wawaulula. Anthu oposa 100 adafa m'dzikomo ndi ku Katanga, ndipo iye adanyongedwa mu 1926. Mafumu ena adamulandira ndi manja awiri poganiza kuti akuyeretsa dziko.

Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene idathawitsira anthu ambiri ku Malawi kuphatikizapo kuno ku Mchinji, kudabuka gulu la Naparama cha m'ma 1989, motsogozedwa ndi Manuel António. Alimi otopa ndi nkhanza za nkhondo ankatemedwa mphini zoti zipolopolo zisawalase, n'kumalimbana ndi asilikali a Renamo atanyamula mikondo ndi zikwanje. Adamasuladi midzi ina ku Zambézia ndi ku Nampula. Koma mu Disembala 1991 Manuel António mwiniwake adaphedwa pankhondo, ndipo gululo lidagawikana.

Mu 1995 dzina la mchape lidamvekanso. Billy Goodson Chisupe wa m'boma la Machinga adati waloteredwa mankhwala a Edzi ochokera ku khungwa la mtengo. Iye sankaloza mfiti ndipo sankalipiritsa. Ofufuza amati anthu pafupifupi 300,000 adapita kukamwa chakumwa chake chofiira m'miyezi yowerengeka. Edzi sidathe, ndipo amene adabwerera kwawo akudziyesa otetezedwa adali pangozi yoposa kale.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Tisafulumire kuseka anthu amenewa. Mavuto awo adali enieni: njala, nkhondo, matenda opanda mankhwala. Ambiri mwa iwo adali ndi mtima wofuna kupulumutsa abale awo. Komabe m'nkhani zonsezi tikuona zinthu zobwerezabwereza.

Choyamba, mphamvu yobisika siingafunsidwe. Mlandu wa pabwalo la mfumu umakhala ndi mboni, ndipo woimbidwa mlandu amayankha. Koma chimene chaoneka pa kalilole amachiona ndi mwini kalilole yekha. Wokana kumwa mankhwala amaoneka ngati wavomera kale kuti ndi mfiti. Motero mudzi wonse umagwada pamaso pa munthu mmodzi amene palibe angamutsutse.

Chachiwiri, kuchapa mudzi kumafuna kuti papezeke wina wotchedwa litsiro. Kawirikawiri chala chimaloza munthu wopanda womuteteza, monga nkhalamba, mayi wamasiye kapena mwana wamasiye. Mu Januwale 2016, ku Neno, agogo anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Amene adachita zimenezi ankadziona ngati oteteza mudzi.

Chachitatu, gwero la vuto limatsala pomwepo. Chitsime choipa chimene chikudwalitsa ana sichikonzeka chifukwa chakuti nyanga zatenthedwa. Mbala ya ng'ombe siigwidwa, ndalama zosonkha zapita, ndipo abale amene adalozana zala sadyeranso mbale imodzi.

Chiphunzitso cha Mpingo

Lamulo loyamba la Mulungu ndilo maziko a nkhaniyi. Buku la Deuteronomo 18:10-12 limaletsa Aisraele kuombeza ndi kufunsira kwa akufa. Mu 1 Samuele 28 mfumu Saulo idapita kwa mayi woombeza wa ku Endori pa nthawi imene dziko lake lidali pangozi ya nkhondo. Chifukwa chake chinkaoneka chomveka, koma kumeneko idakangomva za kugwa kwake. M'buku la Ntchito za Atumwi 8:9-24 Petulo Woyera adadzudzula Simoni wamatsenga chifukwa chofuna kugula mphamvu za Mzimu Woyera ndi ndalama.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2117, amayankha funso lathu mwachindunji. Amaphunzitsa kuti kuyesa kuweta mphamvu zobisika kuti zititumikire ndi kutipatsa ulamuliro pa anzathu ndi kulakwira kwakukulu ulemu woyenera Mulungu, ngakhale cholinga chitakhala chochiritsa munthu. Ndime yomweyo imadzudzula kuvala zithumwa, ndipo imati kugwiritsa ntchito mankhwala achikuda sikupatsa munthu chilolezo choitana mphamvu zoipa kapena chodyera anzake masuku pamutu. Mpingo suletsa zitsamba, popeza nazonso adalenga ndi Mulungu.

Kusiyana kwa pemphero ndi matsenga kuli apa: popemphera timapempha Atate ndipo timawasiyira kuti achite kufuna kwawo, pamene wamatsenga amafuna kukakamiza mphamvuyo kuti ichite kufuna kwa iye mwini. N'chifukwa chake ngakhale kolona, madzi odalitsa ndi mendulo tiyenera kusamala nazo kuti tisazisandutse zithumwa. Paulo Woyera, pa Aroma 3:8, adakana maganizo akuti tingachite choipa kuti chabwino chitulukepo, ndipo Katekisimu amabwereza mfundo yomweyi pa ndime 1789.

Papa Benedict XVI, polalika ku Luanda m'dziko la Angola mu Malichi 2009, adadandaula kuti mantha a mizimu amafikitsa anthu poweruza ana a m'misewu ndi okalamba kuti ndi mfiti. M'chikalata chake cha Africae Munus cha 2011 adachenjezanso za mtima wapawiri, wokhala mu Mpingo masana koma n'kudalira zina usiku, ndipo adapempha maepiskopi kuti aiganizire mozama nkhaniyi pa ntchito yawo yaubusa.

Zimene lamulo la dziko limanena

Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kumwetsa mwabvi, kunena munthu kuti ndi mfiti, kudzitcha mfiti, ndiponso kuitana munthu wofufuza mfiti. Kuyambira mu 2009 bungwe la Law Commission lidayamba kuunikanso lamuloli, chifukwa anthu ambiri ankadandaula kuti silivomereza zoti ufiti ulipo. Mkangano umenewo usatisokoneze. Kumenya munthu, kumutenthera nyumba kapena kumupirikitsa pamudzi ndi milandu payokha, ndipo Mkhristu amene wasonkha ndalama yoitanira wofufuza mfiti ali ndi gawo pa zonse zimene zingatsatire.

Njira imene Mpingo udationetsa

Wina angafunse kuti, mukatiletsa zimenezi, tilimbane ndi chiyani? Dziko lathu lili ndi yankho m'mbiri yake. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi athu adatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti imene idawerengedwa m'matchalitchi onse. Idatchula poyera za malipiro ochepa, za masukulu ndi zipatala, ndi za anthu omangidwa popanda mlandu. Olemba ake adasaina mayina awo ndipo adaopsezedwa chifukwa cha zimenezi. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Zonsezi zidachitika masana, aliyense akuona ndipo ali ndi mwayi wotsutsa.

Ndi mmenenso mudzi ungachitire. Ana akamamwalira motsatizana, odwala apite nawo msanga kuchipatala cha boma ku Mchinji kapena ku zipatala za Mpingo ku Ludzi, Kapiri ndi Guilleme, ndipo alangizi a zaumoyo ayese madzi amene anthu akumwa. Mkangano wa munda upite kubwalo la mfumu kapena kukhoti. Za umbava zipite kupolisi. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya paparishi idakhazikitsidwira nkhani zoterezi.

Kwa makatekisti ndi atsogoleri a miphakati

Munthu wamantha akabwera kwa inu, mumumvetsere mpaka amalize. Kumuseka kumangomutumiza kwa sing'anga usiku. Mupemphere naye, mumuperekeze kwa bambo mfumu, ndipo ngati akudwala mumulimbikitse kupita kuchipatala. Mukamva kuti m'mudzi mwayamba msonkhamsonkha woitanira wofukula nyanga, kambiranani ndi nyakwawa mwaulemu ndipo dziwitsani bambo mfumu mlendoyo asanafike. Pa maliro, pamene mitima yatentha, musalole kuti dzina la munthu litchulidwe ngati wolodza. Ngati wina walozedwa kale, mphakati umuyendere masana onse akuona, ndipo moyo wake ukakhala pangozi apolisi adziwe tsiku lomwelo.

Mkhristu amene adasonkha nawo kapena adamwa mankhwala otere asatayike mtima. Khomo la Sakramenti la Kulapa ndi lotsekula. Ngati pali munthu amene adamunenera zaufiti, kulapa kwake kufike mpaka pakhomo la munthuyo, akapepese ndi kumuyeretsa dzina pamaso pa anthu amene adamva bodzalo.