Mapazi amene mbiri inawaiwala

Mu Febuluwale chaka chino ndinayenda tsiku lathunthu mumvula, osati mwakufuna kwanga. Kunagwa zovuta kwa achibale athu kumapiri a ku Ntchisi, ndipo akabaza onse pa Wimbe anakana chifukwa msewu unali phala lokhalokha. Malume anangoti, "Mphwanga, kodi makolo ako ankadikira njinga yamoto?" Tinanyamuka tambala woyamba atalira, ine nditasenza kathumba ka ufa wa chipepeso.

M'chigwa zinali bwino. Tinadutsa minda ya fodya ndi zigafa zodontha. Koma titayamba zitunda, mvula inatsika mosalekeza, nsapato zinalemera ndi matope, ufa n'kuyamba kunyowa. Pamtsinje wina tinakhala nthawi yaitali kudikira kuti madzi aphwe. Pamenepo m'pamene malume anandiuza kuti agogo awo anali mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani, ndipo anabwerako mapazi ali ong'ambika, osafunanso kukambapo za ulendowo. Ine, wophunzira mbiri ku yunivesite, ndinali ndisanamvepo zimenezi.

Dera lathu lino anthu akhala akulidutsa pansi kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1800, njira yochokera kwa Mwase ku Kasungu inkatsetserekera ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo panyanja kupita ku Kilwa. Mu 1863 David Livingstone anakwera mapiri kuchokera ku Nkhotakota mpaka kwa Mwase. Cha m'ma 1915 mnyamata wina amene anayamba sukulu pa Mtunthama, pafupi ndi kwathu kuno, anayenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, kenako n'kukafika ku Johannesburg. Ameneyo ndi Kamuzu Banda.

Maulendo a anthu awiriwa tinawaloweza kusukulu. Koma ndani ankanyamula katundu wa Livingstone? Nanga amene anamangidwa magoli pakhosi panjira yomweyo anali ana a yani?

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, inafika m'dziko muno msanga: asilikali anawomberana ku Karonga mu Seputembala 1914. Misewu ya galimoto inali yochepa kwambiri, choncho chakudya ndi zipolopolo zinkayenda pamitu pa anthu. Akatswiri a mbiri monga Melvin Page, amene anacheza ndi nkhalamba zomwe zinapitako, amati amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anagwira ntchito ya tengatenga. Ambiri anachita kugwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Ankasenza katundu wa mapaundi 50 kapena kuposa, m'mapiri ndi m'madambo, dzinja ndi chilimwe chomwe. Amene anafa ambiri sanaphedwe ndi mfuti, koma njala, kamwazi ndi chibayo. Kumudzi minda inatsala m'manja mwa amayi ndi okalamba, ndipo nkhondo itangotha chimfine choopsa cha 1918 chinadzamalizitsa.

Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo Novembala aliyense atsogoleri amaika nkhata zamaluwa. N'zoyenera. Koma msilikali sakanawombera popanda wina womubweretsera chipolopolo ndi ufa. Wina anganene kuti sitingakumbukire anthu amene mayina awo sanalembedwe. Ine ndikuti mayinawo alipo, kungoti ali m'kamwa mwa amalume ndi azakhali athu, ndipo maliro aliwonse amapita nawo ena. Ifeyo timathamangira mabuku a ku laibulale, n'kusiya nkhokwe ili pakhonde.

Tinafika pamaliro kutada, ufa utasanduka chibumi. Amayi a pasiwa anaulandira ndi manja awiri, osanenapo kanthu. Ine ndinasenza kathumba kakang'ono tsiku limodzi lokha, ndipo khosi linandipweteka sabata yonse. Sindinganame kuti tsopano ndikudziwa zimene mtengatenga anaziona. Ine ndinali ndi nsapato, komanso ndinkadziwa kuti ndibwerera kwathu.

Pobwerera ndinafunsa malume dzina la agogo awo aja, mudzi umene anagwidwira, ndi nyimbo imene ankaimba akaledzera. Zonse ndinalemba kumapeto kwa kope langa. Anzanga, tchuthi chikubwerachi mukafunse kwanu. Mukachedwa, mudzapeza woyankha atagona.